Juzi Yanga M'filimu ya Wina

Loweruka limenelo ndinavala malaya oyera amene Singano anandisokera yekha, chifukwa kanali koyamba kuti mayi ake avomere kukhala nane moyandikana pagulu. Chifunsirireni mwana wawo, mayiwa ankandipatsa moni wam'mphuno, wongokwanira kuti anthu asawanene zamwano. Chimene chinkawanyansa ndi ntchito yanga. Ankati sizimveka kuti mwamuna wandevu azidzuka m'mawa, kusamba, kupesa, n'kupita kokalondera mapepala.

Singano ndi telala. Dzinali ndinamupatsa ndine tsiku limene anabwera kulaibulale kwathu kudzafuna buku la masitayilo a madiresi. Anali atatsomeka singano pamkono wa bulauzi, ndipo inandibaya chala pomupatsira bukulo. Iye amanditchula kuti Mabuku. Chaka chino anapeza mwayi wosoka zovala za anthu osewera m'filimu ina, ndipo masana amenewo ndi pamene filimuyo ankaionetsa koyamba muholo ya hotela.

"Dzina langa likamadutsa kumapeto uombe m'manja mpaka atupe, wamva?" anandinong'oneza magetsi akuzima.

"Ndiimirira pampando," ndinamulonjeza.

Poyamba zonse zinali bwino. Mtsikana wa m'filimuyo ankasautsidwa ndi amuna omufunsira, aliyense ndi kupusa kwake. Kenako nkhani inalowa mulaibulale. Kuseri kwa shelefu kunatulukira bambo wowerama, magalasi ali pansonga ya mphuno, akuyenda ngati pansi pali mazira. Ntchentche itangolira, anaika chala pakamwa n'kuiuza kuti, "Shiii!"

Anthu anaseka. Inenso ndinasekako pang'ono, chifukwa ife tinazolowera. Woyang'anira laibulale akaoneka m'filimu amakhala mayi wokalamba wa nkhope yokwinya, apo ayi mwamuna woopa akazi. Koma bamboyo atatembenuka, ndinaona chigamba pachigongono cha kumanzere, chosokedwa ndi ulusi wobiriwira. Inali juzi yanga yakhofi, imene Singano anatenga kalekale ponena kuti akakonze m'khosi.

Ndinamuyang'ana. Iye maso anali gwa kutsogolo.

Mtsikana uja anafika padesiki. Bamboyo anagwetsa mabuku, n'kuvula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi, monga mmene ine ndimachitira ndikasowa chonena. Kenako, milomo ikunjenjemera, anati:

"Mabuku onsewa anthu amabwereka n'kubweza. Koma inu ndikufuna ndikubwerekeni, ndisadzakubwezeninso."

Amenewo anali mawu anga. Ndinawakonza sabata yathunthu, n'kuwanena kwa Singano tsiku lina kukugwa mvula, pakati pa shelefu ya mabuku a mbiri yakale ndi zenera. Panalibe munthu wachitatu. Tsiku limenelo Singano analira, n'kundigwira tsaya.

Mtsikana wa m'filimu sanalire. Anamuyang'ana bamboyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, ine si buku. Fumbi lanulo muzipuma nokha."

Anatuluka n'kukwera njinga yamoto ya mnyamata wa jekete lachikopa. Holo yonse inaphulika. Mayi a Singano anaseka mpaka kugwetsa kachikwama, akudzimenya pantchafu. Atapukuta misozi anayang'anitsitsa kutsogolo, kenako anatembenukira kwa ine.

"Kodi juzi imeneyi sindinaionepo penapake?"

Singano anaika dzanja pabondo langa. Ndinalinyamula ndi zala ziwiri n'kulibwezera pamwendo pake.

*

Dzina lake litadutsa sindinaombe m'manja. Ndinali nditatuluka kale. Anandipeza panja, pafupi ndi poimika magalimoto, akupuma mwawefuwefu.

"Mabuku, tandimvera kaye."

"Lankhulani, ndikumva."

"Lankhulani? Unayamba liti kundipatsa ulemu umenewo?"

"Lero. Munthu amene sukumudziwa umamulemekeza."

"Juzi ija ndinabwereketsa ndine, sindikana. Ankafuna juzi yooneka yakalekale, ine n'kuti ndili nayo kushopu."

"Yakalekale. Zikomo kwambiri."

"Usandipotozere mawu. Ndinkati ukaiona useka."

"Ndaseka. Nanga mawu aja munabwereketsanso? Nawonso ankafuna akalekale?"

Anagwetsa nkhope. Anafotokoza kuti tsiku lina akupinda madiresi, atsikana osewera m'filimumo ankapikisana kunena mmene zibwenzi zawo zinawafunsirira. Wina anati wake anamutumizira foni yatsopano, wina anati wake anagwada mulesitilanti.

"Ine ndinati wanga anawaposa onsewo, n'kuwauza. Ndinkanyadira, Mabuku. Sindinadziwe kuti Dayilekita, mkulu wa filimuyo, ali kuseri kwa katani. Tsiku lojambula nditamva mawuwo ndinamugwadira kuti achotse. Anandilonjeza."

"Ndiye munadziwa kale. Miyezi yonseyi mumandiyang'ana m'maso, mukudziwa."

"Ndinkaganiza kuti wachotsa!"

"Ine osandiuza bwanji?"

Asanayankhe, kunamveka mawu aakulu kumbuyo kwathu. Anali Dayilekita mwini wake, chipewa chili kumutu, magalasi akuda atawakoleka pachifuwa. Munthu ameneyu anamufunsirapo Singano ine ndisanabwere, n'kukanidwa, ndipo mayi ake mpaka lero amadandaula ngati munthu amene anataya chikwama m'basi.

"Achimwene! Ndiye inu ndi eni ake a juzi!" Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kuligwedeza. "Mwatipatsa munthu wamoyo, ndikukuuzani. Musazitengere kumtima, ndi luso chabe. Anthu akaseka ndiye kuti tagwira ntchito."

"Munalonjeza kuti muchotsa," anatero Singano.

"Ndinayesa, mlongo wanga. Koma ungachotse mtima munthu n'kukhalabe moyo?" Ananena zimenezi dzanja lili paphewa la Singano, ndipo linakhalitsa pamenepo kuposa mmene dzanja la mlongo limakhalira. Kenako anawerama kupereka moni kwa mayi ake, amene anali atangofika. "Mayi, lero simukwera basi. Ndikakutulani pakhomo."

"Ambuye akudalitseni, mwana wanga," anatero mayiwo, n'kutsegula okha chitseko cha kutsogolo.

Singano anaima pakati, galimoto uku, ine uku.

"Ine ndipita ndi iwe," anatero.

"Pitani, mayi akudikira. Ine ndili ndi fumbi loti ndikapume."

Ndinatembenuka n'kumapita. Anandiitana kawiri. Sindinacheuke, ndipo panthawiyo ndinkaona ngati ndapambana.

*

Pofika Lolemba, kachidutswa kaja ka filimu kanali m'foni ya aliyense. Nditangolowa pachipata, ana asukulu amene ankadikira kuti titsegule anaika zala pakamwa onse pamodzi, n'kufa nacho chiseko. Bambo wina pobweza buku analiika padesiki n'kundiweramira.

"Ili lokha ndabweza, bwana. Musadandaule."

Ndinamwetulira ngati galu woponderezedwa mchira.

Padesikipo timakhala awiri, ine ndi mtsikana amene tonse timamutchula kuti Chidindo, chifukwa akamadinda buku umakhala ngati akupha njoka. Ndi munthu wochangamuka, wokongola m'maso, ndipo tiyi wanga amadziwa shuga wake kuposa ine mwini. Singano sanamukondepo. Akabwera kudzandiona, Chidindo ankamufunsa kuti, "Tikuthandizeni chiyani, mayi?" ngati sanamuonepo chibadwire.

"Ine ndikanakhala inu sindikanadya n'komwe," anatero m'mawa umenewo akundiikira kapu. "Munthu kukuvula pagulu chonchi? Ndi mnzako womuuza zakukhosi?"

"Zisiyeni."

"Ndazisiya. Ndangomva chisoni basi."

Abwana anatiitana mu ofesi. Nawonso anali ataonera. Anati m'malo mong'ung'udza tiyankhe pa bulogu ya laibulale, tsamba lathu la pa intaneti, mwaulemu, kuti anthu adziwe ntchito yathu yeniyeni. Bulogu imeneyi timalembapo ndife awiri, ine ndi Chidindo. Timaikapo mabuku atsopano, masiku amene titseke, ndi maambulera amene anthu aiwala. Oiwerenga mokhulupirika anali ife tomwe ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito amene amakonda kutikonza kalembedwe.

Ndinakhala pakompyuta masana, mawu n'kumangobwera okha. Ndinalemba kuti:

"Opanga mafilimu ali ndi woyang'anira laibulale mmodzi yekha, amangomusintha zovala. Lero ndi mayi amene sanasekepo chibadwire, mawa ndi bambo amene mkazi akamupatsa moni amakomoka. Onsewa ntchito yawo ndi imodzi, kuika chala pakamwa. Sindinaonepo filimu yoonetsa mnzanga akukhala ndi mayi wamasiye tsiku lonse kumuphunzitsa kutumiza uthenga kwa mwana wake wakutali. Sindinaonepo yoonetsa ife tikuthamanga ndi mabeseni denga likamadontha, kapena tikunamizira kuti sitikumuona mkulu wosowa kogona amene amabwera kudzawodzera kuseri kwa nyuzipepala. Zoti timaletsa phokoso n'zoona. Timaletsa chifukwa pali mwana amene kwawo anthu asanu ndi awiri amagona chipinda chimodzi, ndipo malo okhawo a phee amene ali nawo padziko lapansi ndi ano."

Ndikanalekera pomwepo. Koma foni yanga inali ikunjenjemera m'thumba, Singano akuimba, ndipo kunjenjemera kulikonse kunkandikolezera moto. Ndinawonjezera ndime ina:

"Koma wopanga filimu sindimuda. Iye ndi wamalonda, amagula chimene wapeza pamsika. Funso langa lili kwa wogulitsa. Munthu akakuuza mawu a pansi pa mtima, muli awiriwiri, iwe n'kukawayala pagulu kuti ukondedwe ndi abwana ako, umagona tulo totani? Ena amasoka zong'ambika, koma chimene ang'amba okha sachiona."

Nditawerenganso, chala changa chinapita pofufuta. Chidindo anali ataima kumbuyo kwanga, fungo la mafuta ake lili m'mphuno mwanga. Anandigwira dzanja.

"Mukufufuta chiyani?"

"Ndimeyi yapyola malire."

"Mwatchula dzina la munthu?"

"Ayi."

"Ndiye vuto lili pati? Achimwene, mwafatsa mokwanira. Mukafufuta pamenepa ndiye kuti filimu ija sinaname."

Mawu amenewo anandilasa pabala penipeni. Ndinatumiza nkhaniyo mmene inalili.

*

Bulogu imene inkawerengedwa ndi anthu atatu inadzuka ngati yalumidwa ndi njuchi. Pofika mawa lake anthu anali akutumizirana nkhaniyo m'mafoni. Anzathu a m'malaibulale ena analemba kuti ndawalankhulira. Mayi wina anati analira powerenga za mwana wosowa powerengera uja, chifukwa mwanayo anali iye. Abwana anandigwira chanza pamaso pa onse.

Koma ndemanga za ndime yomaliza zinachuluka kuposa zonse. "Mkazi wotere ndi wosiya." "Telala ameneyu atisokere pakamwa pake kaye." "Bwana, bwerani kuno, ife sitigulitsa." Ndinawerenga zoyambirira zokha, mtima ukuchita kukoma ngati munthu wokanda chipere, kenako ndinasiya kuziwerenga.

Madzulo ndikuweruka, uthenga wa Singano unalowa.

"Ndawerenga."

Ndinayankha kuti, "Zikomo. Bulogu yathu imasowa owerenga."

"Ndakuimbira mpaka foni kutentha. Sunayankhe. Koma dziko lonse walipezera nthawi."

"Ndatengera inu. Munayamba ndinu kuuza dziko."

Panapita kanthawi. Ndinkaona kuti akulemba, n'kusiya, n'kuyambanso.

"Ine ndinauza atsikana atatu chifukwa chokunyadira. Iwe wauza anthu onse kuti ine ndipwetekeke. Ndinalakwa, ndavomera. Koma zinthu ziwirizi usazifanizire."

Ndinalemba kuti, "Pepani." Ndinafufuta. Ndinalemba kuti, "Tionane mawa." Ndinafufutanso. Pomaliza ndinalemba kuti, "Kafunseni Dayilekita akulembereni mawu abwino oyankhira," n'kutumiza.

Sanayankhenso. Tsiku lotsatira sanaimbe. Linzake lija, chimodzimodzi. Ine ndinkangoyang'ana foni ngati mlonda woyang'ana kum'mawa, koma kudzikuza kunali kutandikhala pachifuwa.

*

Lachisanu masana chitseko cha laibulale chinatseguka mwamphamvu mpaka kumenya khoma. Anali mayi a Singano, atavala diresi la kutchalitchi, kachikwama kali m'khwapa. Sanapondepo mulaibulale moyo wawo wonse. Anthu onse owerenga anadzutsa mitu.

Ndinaimirira. "Takulandirani, mayi. Tiyeni tikakhale mu ofesi."

"Mu ofesi mukandibise? Inu munabisa pamene mumalemba?" Mawu awo anafika mpaka kumashelefu a kumapeto. "Kapena mukufuna mundiletse? Ikani chala pakamwa ngati mnzanu wa m'filimu uja, tione."

Wina anatsokomola pofuna kubisa phwete.

"Mayi, chonde."

"Musandinene kuti mayi. Ine sindinabereke munthu wolankhula ndi makina. Mwana wanga anakulakwirani, inde, nanenso ndinamukalipira. Koma mwamuna weniweni amabwera pakhomo, kukhala pansi, n'kunena kuti pano zandipweteka. Inu pamaso pa munthu lilime limakukanikani, koma mukabisala kuseri kwa kompyuta mumasanduka mkango."

Ndinavula magalasi. Dzanja linapita lokha patayi. Nditazindikira ndinalibweza msanga, koma anali ataona kale.

"Mukudziwa zimene zachitika kushopu? Makasitomala akubwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka. Dzulo kunabwera mayi wa mtsikana amene akukwatiwa mwezi wamawa, walanda nsalu ya diresi laukwati ili pamakina. Akuti mkazi woyezedwa thupi amalankhula zambiri kwa telala, ndiye safuna mawa akamve za mwana wawo m'filimu. Anyamata akudutsa pakhomo akuimba mluzu. Mwana wanga sakudya."

"Koma ine sindinatchule dzina la munthu."

"Ndiye alota? Onsewo alota tsiku limodzi?"

Chidindo anabwera ndi kapu yamadzi, atagwira ndi manja awiri.

"Imwani madzi, mayi, mtima utsike."

Mayiwo anayang'ana kapuyo, n'kuyang'ana Chidindo, n'kuyang'ana ine. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ooo. Ndamva tsopano." Madziwo sanawalandire. "Tamverani, bambo. Ine chiyambire sindinakufuneni, koma ndinati mwana wakonda, ndimusiye. Ndinkati ndinu munthu wosauka koma wofatsa. Lero ndadziwa kuti kufatsa kwanu ndi kwa njoka ya mu udzu. Abale anu amene mumati abwera kudzaonana nafe, auzeni asavutike. Pakhomo panga musadzapondeponso."

Anatuluka chitseko n'kuchisiya pululu. Mulaibulale munali zii, bata limene ndimalipempha tsiku lililonse, ndipo tsiku limenelo linandilemera ngati thumba la simenti.

Chidindo anamwa yekha madzi aja.

"Mwapulumuka, achimwene. Banja limenelo likanakudyani wamoyo." Anatsitsa mawu. "Lero musakakhale nokha. Tikaweruka mubwere kwathu, ndikakuphikireni tiyi wabwino, osati wa muno."

"Ndili ndi kopita," ndinatero.

Ndinakhala pakompyuta n'kufufuta ndime ija. Kenako ndinapempha abwana kuti ndiweruke msanga.

*

Shopu ya Singano ili kuseri kwa pokwerera mabasi, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Masiku onse pakhomo pamalendewera madiresi mpaka kuphimba chitseko chake chobiriwira. Tsikuli panali mahang'ala opanda zovala okhaokha, akugundana ndi mphepo.

Ndinamupeza atagwada pansi, akulongedza maulusi m'katoni. Makina osokera anali atawachotsa patebulo n'kuwaika m'bokosi lake. Anali ataonda m'masiku ochepa omwewa, maso atatupa. Sanadzuke.

"Laibulale yatseka msanga lero?"

"Ndabwera kudzapepesa. Ndime ija ndafufuta."

"Wafufuta." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ukamwaza ufa pamsewu umakautola ndi chiyani?"

Ndinakhala pa kampando ka makasitomala, foni n'kuiika patebulo.

"Singano, zinandipweteka. Mawu amene aja ndi chinthu chokhacho chokongola chimene ndinanenapo pamoyo wanga. Ine si munthu wa pakamwa, ukudziwa. Kumva holo yonse ikuwaseka, mayi ako akudzimenya pantchafu…"

"Ukuganiza kuti ine ndinkamva bwanji? Amene aja anali mawu angansotu. Unandipatsa. Ndinkawanena ndekha ndikamasoka." Anapukuta mphuno ndi kansalu. "Ndikanakuuza tsiku lomwe lija ndinawamva akujambula. Ndinaopa nkhope yako, n'kumadzinamiza kuti achotsa. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ukanandikalipira ndikanagwada. Ukanandisiya, ndikanalira n'kumvetsa."

"Sindikufuna kukusiya."

Anandiyang'ana koyamba. Kwa kanthawi nkhope yake inafewa, ndipo ndinaona Singano wanga uja wa tsiku la mvula. Ndinatambasula dzanja. Anatsala pang'ono kulilandira, kenako analibweza n'kutulutsa foni m'thumba la epuloni.

"Ndime ija ndikanakukhululukira. Unali ndi ukali, ndipo sunanditchule. Koma ichi?"

Anandipatsa foniyo. Chinali chithunzi cha ndemanga za pa bulogu yathu. Munthu wina anafunsa kuti, "Kodi si telala uja wa chitseko chobiriwira kuseri kwa mabasi?" Pansi pake panali yankho, lolembedwa m'dzina la laibulale, chizindikiro chathu chili pambali: "Simunaphonye."

Ndinawerenga mobwerezabwereza.

"Izi sindinalembe ine."

"Walemba ndani? Mabuku a pashelefu?"

"Ndikulumbira, Singano. Ndemanga ndinasiya kuwerenga tsiku loyamba lomwe."

"Ndakufunsa kuti walemba ndani."

Abwana kompyuta amaiopa ngati ng'ona. Mawu achinsinsi otsegulira bulogu timawadziwa anthu awiri basi.

"Timalembapo awiri," ndinatero.

Singano anakhala pansi penipeni, n'kutsamira khoma. Anaseka mpaka misozi, koma sikunali kuseka.

"Mayi wa tiyi uja. Ndinakuuza kangati? Unkati ndine wansanje, ndi mlongo wako wa kuntchito." Anapukusa mutu. "Wandizunza sabata yonse chifukwa ndinapereka mawu ako kwa munthu wina. Iwe wapereka pakamwa pako ponse kwa mkazi wina, azilankhulira m'dzina lako."

"Ndikakonza. Lolemba ndikamuyang'ana m'maso pamaso pa abwana. Ndilemba pa bulogu pomwepo kuti ndinakulakwira."

"Bulogu yomweyo!" Anamenya katoni ndi chikhato. "Ine sindikufuna kulembedwa, Mabuku. Ndatopa kukhala nkhani."

Apa m'pamene ndinayang'ana bwinobwino m'shopumo. Galasi lalikulu lija linali litachotsedwa pakhoma. Pakona panali chikwama cha zovala, chomanga kale.

"Kodi ukusamuka?"

Anatola mpukutu wa ulusi n'kumauzunguza m'manja.

"Dayilekita akukajambula filimu ina kutali, kumapiri. Akhalako dzinja lonse. Anandipempha kalekale kuti ndikhale wosoka wawo, ndinakana. Anabweranso, ndinakananso, chifukwa ndinkati ndili ndi ukwati woti ndikonzekere. Lero m'mawa wabwera kachitatu. Wapeza shopu ili mbee."

"Ndiye wavomera."

"Ndidya mahang'ala?"

"Munthu amene anayambitsa zonsezi! Sukuona kuti ankafuna zomwezi?"

"Ndikuona bwinobwino, si ine mwana. Iye anakumba dzenje, koma wondikankhiramo si iye."

"Munyamuka liti?"

Panja panalira hutala, kawiri. Ndinasuzumira pazenera. Galimoto ya Dayilekita inali itaima pakhomo penipeni, kumbuyo kuli zikwama ndi mabokosi a makamera. Pampando wakutsogolo panali mayi a Singano, atatsitsa galasi, akuuza wometa tsitsi uja kuti akuperekeza mwana wawo ku ntchito yeniyeni.

Singano anaimirira n'kuvula epuloni. Anaima pafupi kwambiri moti ndinkamva mpweya wake.

"Ngati uli ndi mawu, nena panopa. Ndi pakamwa, ine ndikukuona. Ukandiuza kuti nditsale, mwina ndimva."

Ndinatsegula pakamwa. Mawu analipo, ambirimbiri, ankangopanikizana pakhosi ngati anthu pakhomo la basi. Ndisanatulutse ngakhale limodzi, Dayilekita analowa akupukusa makiyi.

"Aa, achimwene, muli pompano! Mulungu ndi wabwino. Bulogu yanu ija yandigulitsira filimu kuposa wailesi, ndidzakugulirani chakumwa." Anagwira bokosi la makina mbali imodzi n'kuliyesa kulemera. "Eee, chinthuchi ndi chitsulo. Tagwirani mbali inayo tikakweze."

Sindinasunthe. Singano ankandiyang'anabe, akudikira. Ndinaika dzanja pabokosipo, osati kuti ndinyamule koma kuti ndilipanikizire pansi.

"Makinawa sapita kulikonse," ndinatero. Ulendo uno mawu anatuluka.

Maso a Singano anadzaza misozi. Nthawi yomweyo foni yanga inawala patebulo, pakati pa iye ndi ine. Tonse tinayang'ana. Uthengawo unaonekera wonse pagalasi, dzina la Chidindo lili pamwamba:

"Tiyi wapsa, wokondedwa. Chitseko ndasiya chosakhoma."

Singano anawerenga mpaka kumapeto. Anatola foniyo mwaulemu, n'kundiikira m'thumba la malaya oyera amene anasoka yekha. Kenako anachotsa dzanja langa pabokosi, n'kugwira chogwirira cha mbali yangayo.

"Tipatseni njira, bambo," anatero. "Mukuchedwa. Akukudikirani."